Chikhomo cha Kaboyi

Kalelo, ndevu zitangoyamba kundituluka, ndisanadziwe n'komwe kuti padziko pali malo otchedwa Woolwich, kumene tikukhala kuno, nkhani imene ili m'buku lako la homuwekilo, Tamanda, inatisamutsa pamudzi. Ee, usandiyang'ane choncho! Azungu a ngolo zansalu aja, opita kumadzulo kwa Amereka kukafuna malo, ine ndimawadziwa kuposa aphunzitsi ako. Ika foniyo pansi, nawenso Madalitso chepetsa TV, ndipo mukafuna kundiyankha m'Chingerezi chanucho yankhani, bola makutuwo akhale a Chichewa.

Masiku amenewo tinkakhala ku Dedza, kwawo kwa mayi anga, ndipo bambo anali mkamwini wolima kamunda ka m'miyala, koti ukaponya khasu moto unkachita kuthetheka. Kanema sanali wa m'thumba ngati lero, ayi, ankabwera pagalimoto mwa apo ndi apo, n'kukoloweka chinsalu pabwalo la sukulu. Ndiye chaka china anationetsa makaboyi. Abale inu! Ngolo mndandanda, dziko lotambalala lopanda ndi mwala umodzi womwe, ndipo munthu ankangodumpha pangolo, kukhoma chikhomo pansi, basi malo ndi ake. Chingerezi cha m'mphuno chija panalibe ankachimva, koma m'manja tinkaomba ndithu. Kenaka paphiri panatulukira anthu a nthenga kumutu, akukuwa, ndipo bwalo lonse tinawawooza kuti ndi zigawenga. Mayi okha ndi amene sanawooze. Anangofunsa kuti, "Koma a ngolowa anaodira?" Bambo anaseka n'kuti, "Amake Yohane, kuthengo munthu amaodira yani?"

Inu ana a kuno mumangodina belu, mwinanso kutumiza meseji kuti ndili panja. Kwathu munthu amaima patali n'kunena kuti odi, ndipo sasuntha phazi mpaka mwini wake atayankha.

Kanema uja anawalowa bambo m'mutu moti tulo tinawathawa. Anatenga ngolo yathu yotutira njerwa, anaifunditsa mphasa kuti ifanane ndi zija, chipewa chawo cha mlaza anachipinda m'mbali, ndipo anati tikupita kumene kumalowa dzuwa, ku Mchinji, kumene malo amangogona. Choipa n'chakuti potsanzika anatukumuka. Anauza apongozi awo pamaso pa anthu kuti atopa n'kulima miyala ya eni ndipo sadzapondanso pamenepo. Mwamva? Njira yobwerera anaitseka okha ndi pakamwa pawo. Tinanyamuka dzuwa likuswa mtengo, mvula ili pafupi, ine ndikukusa ng'ombe, mayi ali ndi mwana kumsana atakhalira thumba la mbewu, lomwe linali chuma chathu chonse.

Tinayenda mpaka ng'ombe zinayamba kutiyang'ana mwachidani. Ndiye tsiku lina masana tinatulukira pamalo osalala, udzu wofika m'khosi, dothi lakuda bii, kamtsinje kali chapafupi. Bambo sanadikire kuti ngolo iime. Anadumpha ngati mzungu wa m'kanema uja, chikhomo kumanja, mwala kumanzere, kho! kho! kho! n'kufuula kuti, "Pano ndi panga!" Ine ndinaomba m'manja, ndisaname, zinandikomera. Koma mayi anatsika pang'onopang'ono, anapatula udzu ndi phazi, n'kuwaonetsa mizere yakale yofufutika. Anati, "Abambo, ili ndi tsala." Tsala, Madalitso, ndi munda umene eni ake ausiya kuti upume, ndipo ukauona umangoti ndi thengo, koma mwini wake amadziwa chitsa chilichonse. Bambo anati, "Tsala la yani? Mukuona munthu inu?" Basi tinayamba kusosa.

Sitinasose patali. Ndikuti ndiweramuke, ndinaona anthu ataima pachulu, amuna a nkhwangwa paphewa, kutsogolo kwawo kuli mayi wamfupi wa imvi. Bambo anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Yohane, zayambika! Zungulitsa ngolo!" Paja m'kanema muja adani akabwera ngolo ankaziika mozungulira. Nanga ngolo imodzi ungaizungulitse bwanji? Seka, Tamanda, seka.

Mayi wamfupi uja anali a Nachisale, mwini munda. Anatsika pachulu osafulumira, anayang'ana chikhomo, anayang'ana chipewa, n'kufunsa kuti, "Munda wa mayi anga uno, ukupuma. Inu mwalowera khomo liti?" Bambo anayamba kufotokoza za ku Amereka. A Nachisale anati, "Mangani ng'ombe zanu, mubwerere kumene mwachokera." Nthawi yomweyo mtambo unagunda chakum'mawa. Ana inu, mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso, ngakhale tsiku loyamba kukwera ndege. Kubwerera ku Dedza kunali kosatheka, mvula ikanagwa mbewu ili m'thumba ndiye kuti chaka chonse ndi njala, ndipo kamwana kaja kanali katayamba kulira.

Apo mayi anga anatembenuka, anadutsa m'maudzu muja mpaka kukafika pamsewu pamene tinapatukira, anagwada mwana ali kumsana, n'kuomba m'manja mwaulemu. "Odi! Odi kuno eni malo!" A Nachisale anawayang'ana, kenaka anati, "Odini, amayi. Tsopano ndamva kuti kwabwera anthu." Ndiye anatembenukira kwa bambo. "Nanga a chipewawa alibe pakamwa?"

Ha! Bambo anga, munthu wamtali ngati chitseko icho, anazula chikhomo chawo okha, anavula chipewa, ulendo wa kumsewu. Anagwada pambali pa mayi n'kunena odi wa pansipansi. A Nachisale anagwira khutu n'kuti, "Ine ndine wokalamba, sindikumva." Anabwereza. "Kapena ndi mphepo?" Kachitatu bambo anakuwa odi woti anamveka kutsidya kwa mtsinje, ndipo amuna a nkhwangwa aja anagwa nazo nseko mpaka wina anakhala pansi. Nkhwangwazo n'kuti akuchokera kodula mitengo ya denga, za nkhondo sankazidziwa n'komwe.

Tsiku lomwelo anatipatsa madzi akumwa ndi pogona, m'mawa anatiperekeza kwa amfumu kukatsimikiza, ndipo a Nachisale anatidulira chigawo chakumtunda cha tsala lomwe lija. Anati, "Mukanaodira poyamba, bwenzi nditakupatsani chakumtsinje." Mvula inatipeza mbewu ili m'nthaka. Chikhomo chija anachitenga a Nachisale n'kumamangirirapo mbuzi pakhomo pawo, kuti bambo akamadutsa azichiona, ndipo dzina loti Kaboyi linawakanirira mpaka ku ukalamba. Atamwalira, adzukulu a Nachisale ndi amene anakumba manda, n'kuwaika pakati pa abale awo ngati mwana wa pamudzipo.

N'chifukwa chake ine nditabwera kuno kutsatira agogo anu aakazi, pamene ankagwira unesi, n'kuyamba ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndinkaima pakhomo n'kunena odi ngakhale kiyi ndili naye m'manja. Gogo wina wachizungu wa ku Plumstead anafika poganiza kuti Odi ndi dzina langa, ndipo ankandiitana choncho mpaka ndinapuma ntchito. Sindinamukonze, linkandikomera.

Tsono Tamanda, bweretsa bukulo pafupi, magalasi ndawasiya kuchipinda. Pamene wawerenga paja pakuti chiyani? Kuti anapeza dziko lopanda anthu? Anthu a ngolo aja anali olimba mtima, zimenezo usawamane, anavutika m'njira ngati ife, ndipo ambiri ankathawa miyala yakwawo ngati bambo anga. Koma aja a paphiri, amene ife tinawawooza, anataya malo awo, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ndinaomba m'manja. Inunso mudzapita kutali, mwina kutali kuposa kumene ndafika ine, ndipo mukadzaona malo okongola ali zii, mudzayambe mwaima pamsewu. Aphunzitsi akowo ukawauze mwaulemu kuti agogo anga akuti silinali thengo limenelo. Linali tsala, ndipo eni ake ankadikira odi.