Mayi Eliness Mwafongo Agona Pambali pa Amuna Awo

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1974 ku Iponga, m'banja la a Kayuni, ndipo anawatcha Eliness. Ine ndine Brighton, mlongo wawo. Dzulo ena m'mudzi muno anati malemu asayikidwe pambali pa amuna awo, ndiye mbiriyi muyimvetsere bwino.

Sukulu analekezera Sitandade 7. Mu 1995 anakwatiwa ndi Bambo Morton Mwafongo a kuno ku Lupembe. Malemu ankalima mpunga ku Wovwe, ndipo amene munawokerapo nawo mukudziwa kuti manja ndi pakamwa pawo zinkathamanga mofanana.

Bambo Morton anatisiya mu 2012. Chaka chotsatira malemu anayamba kumwa ma ARV. Anatilamula okha kuti izi tidzazinene pamaliro awo, choncho amene mwazolika, dzutsani mitu.

Mankhwalawo anawazunza. Ankadzandira m'minda ngati oledzera, kulota zoopsa, kuyankhula okha. Anzawo a m'gulu la omwa mankhwala ankamwa piritsi lomwelo ali bwinobwino, ndiye anthu anagamula kuti vuto si piritsi. Ena anati ndi misala. Ena anati anadya amuna awo, ufiti wawabwerera. Mawu amenewo anatipweteka, ndipo sitinawayiwale.

Mu 2016 ofufuza a zachipatala anawatenga magazi. Anapeza kuti chiwindi chawo chinkachedwa kuchotsa mankhwala a mtundu umenewo m'thupi, moti piritsi la lero linkapeza la dzulo lisanachoke. Anatiuza kuti ndi chibadwa chochokera kwa makolo, monga msinkhu kapena mpata wa mano, ndipo kuno amene tili nacho sitili ochepa. Atawasinthira mankhwala, chizungulire ndi malotowo zinatheratu. Kodi mfiti imachira ndi kusintha piritsi?

Malemu sanakhale chete. Akamva kuti wina akudzandira atayamba mankhwala, ankamugwira dzanja mpaka kuchipatala. Ankalimbikitsanso anzawo kupereka magazi ku kafukufuku, ati opanga mankhwala adziwe matupi a anthu a ku Karonga, asamangoyesera pa anthu akutali. Miseche inasintha nyimbo, inati akugulitsa magazi a anthu. Iwo ankangoloza denga lawo la udzu n'kufunsa ngati wogulitsa magazi amagona modontha.

Pa 2 Ogasiti chaka chino anagwa ndi sitiroko ali kumunda. Anamwalira pa 6 Ogasiti kuchipatala, maganizo awo ali olongosoka.

Asiya ana atatu, Towera, Lughano ndi Ambokile, ndi zidzukulu zinayi. Ana inu, magazi a mayi anu alibe temberero. Mukadwala, kauzeni adokotala za chibadwachi mosachita manyazi.

Tikuthokoza a mpingo, anamwino, amayi a m'gulu ndi alimi anzawo a ku Wovwe. Koposa tikuthokoza amene akumba manda. Okumba a nthawi zonse atazengereza, m'mawa uno kunabwera amuna ndi makasu awo, ena ochokera kutali ku Iponga. Ndi omwe aja malemu anawaperekeza kuchipatala pamene nawonso ankatchedwa amisala. Akumba pamalo pomwe ena anakana.

Mayi Eliness, kagoneni pambali pa amuna anu. Mzimu wanu uwuse mumtendere.