Mayi Dikirani Panja ndi Khoma la Atelala

Malemu alongo athu amene tadzawaperekeza lerowa anabadwa pa 9 Epulo 1962, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1969, ya sekondale anamaliza mu 1981, kenako anakaphunzira ntchito yojambula m'thupi ndi makina a ekisireyi.

Mu 1985 anayamba ntchito pachipatala chachikulu, ndipo mu 1987 anakwatiwa ndi aphunzitsi a masamu amene akhala kutsogoloku. Kuntchito ankadziwika kuti Mayi Dikirani Panja, chifukwa aliyense woperekeza wodwala ankamutulutsa asanayatse makina. Ngakhale apongozi awo anadikirapo panja, ndipo nkhaniyo sinathe msanga kunyumba.

Mu 1996 chipatala chinaika atelala atatu aakazi osoka zovala za odwala m'chipinda choyandikana ndi chojambulira. Malemu pojambula ankabisala kuseri kwa chotchinga cha mtovu, atavala kabaji koyezera cheza chotuluka m'makinawo. Atelala aja ankakhala tsiku lonse atatsamira khoma lopyapyala, mmodzi ali ndi pakati. Cheza chodutsa khomalo chinali chochepa kwambiri, chosawotcha, chosapweteka. Koma chimene chinawasowetsa mtendere malemu n'chakuti, chochepacho chikamalowa m'thupi tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, chimachitamo chiyani?

Anayenda m'maofesi. Katswiri wa fizikisi anayeza n'kunena kuti manambala ndi awa, koma za thupi akafunse adokotala. Adokotala anati palibe amene wadwala. Katswiri wa chiwerengero cha matenda anati anthu atatu achepa, sangawerengerepo kanthu. Injiniya anati khoma lake silinang'aluke. Sitingawanene akuluakuluwa. Aliyense ankanena zoona, koma za mbali yake yokha.

Mu 1998 malemu anawaitana onse anayi kumsonkhano umodzi, ndipo anauchititsa m'chipinda cha atelala momwemo. Anawakhazika pamipando yosokera, misana kukhoma, mnzawo wapantchito akujambula odwala kuseri monga mwa masiku onse. Makina atangolira, injiniya anasuntha mpando, akuti pakulowa kamphepo. Adokotala anaimirira, akuti msana wavuta. Malemu sanaseke. Anangofunsa mwaulemu kuti ngati mipandoyo yakanika kukhalika pamsonkhano umodzi, amayiwa akhalepo mpaka liti.

Tsiku limenelo anayiwo anayamba kufunsana m'malo motumizirana munthu. Wa fizikisi anapereka muyeso wake, adokotala ndi wa chiwerengero anagwirizana malire oyenera, injiniya anawerengetsera makulidwe a chotchinga. Atelala anasamutsidwa kaye, ndipo mu 1999 khomalo linakutidwa ndi mtovu. Gulu limeneli silinabalalike. Linayendera zipatala zing'onozing'ono, malemu ali patsogolo, kugogoda makoma ndi kufunsa amene amakhala kuseri, mpaka pamene anapuma pantchito mu 2022.

Mu Okutobala 2023 anapezeka ndi khansa ya m'magazi. Analandira chithandizo mopirira, ndipo anatisiya pa 17 Juni 2024.

Anamfedwa, manong'onong'o akuti makina aja ndi amene awadya tawamva. Banja linawafunsa zomwezo ali chigonere. Anayankha kuti madokotala sakudziwa, iwonso sakudziwa, ndipo chimene sichinayezedwe chisalengezedwe pamaliro pawo. Nkhawa yawo inali yakuti wina mwa inu adzakana kujambulitsa mwana wothyoka mwendo chifukwa cha bokosi ili. Choncho pempho lawo ndi ili: adokotala akati mujambulidwe, funsani ngati n'kofunikadi, koma musathawe.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu, ndi abale awo anayi amene akali moyo. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira osatopa, anzawo apantchito amene anapereka magazi mobwerezabwereza, aneba amene anagwira ntchito zapakhomo pamene onse anali kuchipatala, ndi inu nonse amene mwasiya zochita zanu.

Ambiri amene alongo athuwa anawateteza sadzadziwa n'komwe kuti anatetezedwa, chifukwa sanadwale. Banja likuthokoza m'malo mwawo. Mwagwira ntchito, alongo. Mzimu wanu uuse mumtendere.