Ndinagwada pa Tala Pakati pa Magalimoto

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mukuwerenga izi, makamaka inu amene mumadzuka tambala asanalire kuthamangira ntchito m'tawuni. Ine ndine mayi wa kwa Kaphuka kuno ku Dedza, ndimapemphera ku Katolika. Ndikufuna ndikuuzeni m'mene msewu wa ku Lilongwe unatsala pang'ono kundilanda ntchito imene imasunga moyo wa amuna anga.

Kale tinkakhala m'tawuni momwemo, tikuchita lendi ku Kaliyeka. Amuna anga, a Lufeyo, anali kalipentala, ine ndikuphika pa sukulu ina ya mkaka kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe. Ana a pamenepo sadziwa n'komwe dzina langa, amangonditcha anti a phala. Kenaka a Lufeyo anagwa ndi sitiroko ali pantchito, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Munthu amene ankanyamula chitseko yekha anasanduka wochita kutembenuzidwa pamphasa. M'tawuni mulibe wokuyang'anira wodwala, aliyense ali pa liwiro lake. Tinalongedza n'kubwerera kumudzi kwathu, kumene mng'ono wanga Agnesi anavomera kumakhala nawo masana.

Koma ntchito sindikanaisiya. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene a Lufeyo amamwa tsiku ndi tsiku timachita kugula, ndipo dokotala anatiuza mosapsatira kuti akangodukiza, sitiroko yachiwiri sichita odi. Kugona m'tawuni sindikanathanso. A Lufeyo anakaniratu kusambitsidwa ndi mlamu wawo, ndipo ndani angawadzudzule? Ndiye ndinayamba moyo wopita ndi kubwera tsiku lililonse, ngati mbuzi ya pachingwe.

Ndinkadzuka kukali mdima, kuwatembenuza, kuwamwetsa mankhwala, kenaka kutsetsereka m'minda ya mbatata ya kachewere mpaka pa siteji ya pa Chimbiya. Amene mumadziwa chisanu cha ku Dedza mwezi wa Juni, mukudziwa kuti zala zimakana kumasula mfundo ya chitenje. Inu amene simukwera minibasi mwina simudziwa chinyengo cha pa siteji. Umapeza minibasi yooneka yodzadza, kondakitala akulumbira pali mayi ake kuti watsala munthu mmodzi yekha. Ukangolipira n'kukhala pansi, wa pambali pako amatsika ngati akukagula mandasi, wina ngati waiwala katundu, mpaka umapezeka watsala ndi agogo ena ndi nkhuku yawo. Anthu aja sanali apaulendo, anali aganyu ongokhalira mipando kuti akope ife opusa. Ndalama yako yalowa kale m'thumba, ndipo siituluka ngakhale ulire.

Ikanyamuka, imaima paliponse pamene munthu wakanda kumutu, dalaivala akuyesa kuti waimika. Komabe zimenezo ndi zazing'ono. Mavuto enieni amayamba mukangodutsa mphambano ya ku Bunda. A ku Area 36, a ku Kaliyeka, a ku Biwi, a ku Mchesi, ndi ife a kumidzi, tonse timafuna kuwoloka mtsinje nthawi imodzi. Magalimoto amangondondozana, kusuntha pang'ono, kuima, mpaka dalaivala amazimitsa injini kuti asunge mafuta. Umaona munthu wapansi amene munamupitirira kalekale akukupitirirani, akudya chimanga chake mosatekeseka. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa likukwera, ndikuganiza za ana amene akudikira phala.

Mwini sukulu, amene timangowatcha madamu, amakhala pafupi ndi sukuluyo, mbali imene kulibe mdipiti wotere. Si munthu woipa ayi, koma ndi munthu wa nthawi. Ndikawafotokozera za msewu ankangogwedeza mutu, poti iwo msewu umenewu ankaudziwa wa Loweruka masana, uli mbee. Makolo anayamba kudandaula kuti ana akumwa phala nthawi ya nkhomaliro, ndipo sankanama. Lachisanu lina madamu anandiitanira mu ofesi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa kwambiri.

"Mayi Lufeyo, ndakupirirani mokwanira. Mukadzachedwanso kamodzi, musadzavutike n'kulowa pageti."

Loweruka ndi Lamulungu limenelo sindinadye bwino. A Lufeyo sindinawauze kanthu, poopa kuti nkhawa ingawakwezere magazi. Ndinkangoyang'ana kabotolo ka mankhwala pawindo, kali pafupi kutha. Ku Misa ndinakhala ngati chitsa, ulaliki wonse unandidutsa. Foni nayo inali itazima, chifukwa nkhungu inaphimba dzuwa ndipo kasola kathu kotchajira foni sikanagwire moto. Pemphero langa linali lalifupi ndi lamwano pang'ono. Ndinati Ambuye, sindikukupemphani galimoto, sindikukupemphani nyumba ya m'tawuni, ndikungopempha kuti mawa lokha msewu utseguke.

Lolemba ndinadzuka molawirira kuposa masiku onse. Ndinaphika kachewere wa nkhomaliro yanga n'kumuika m'kakontena ndi kamchere. Ndili pakhomo kuti ndizipita, ndinamva a Lufeyo akubuula. Anali atadziipitsira, akuyang'ana kukhoma ndi manyazi. Kodi mukanakhala inu mukanawasiya choncho? Ndinatenthetsa madzi, kuwasambitsa, kusintha zofunda. Pofika pa siteji kunja kunali kutayera. Ndinati lero sandipusitsa, ndinasuzumira kaye m'minibasi kuona ngati anthuwo ali ndi katundu. Onse anali ndi zikwama pamiyendo. Ndinalipira, ndipo posakhalitsa anayamba kutsika mmodzimmodzi, akusiya zikwama zija kwa kondakitala. Tsiku limenelo aganyu aja anali atawagwiritsa zikwama zopanda kanthu. Ndinalalata mpaka mawu kusasa, koma iwo ankangoseka.

Titafika m'tawuni ndinadziwa kuti pemphero langa lapita pachabe. Mzere wa magalimoto unayambira kutali kuposa masiku onse, ndipo anthu ankati lole ina yafera pakati pa msewu kutsogolo. Tinakwawa mpaka cha ku Biwi, kenaka basi, zii. Ndinatsika n'kuyamba wapansi, kolona ili m'manja, koma ndinene zoona, sindinkapemphera, ndinkakangana ndi Mulungu. Ndinkamufunsa chimene ndinamulakwira. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo Iye wachita kutsekeratu msewu wonse. Misozi inkangotsika ndikuyenda m'mbali mwa magalimoto, utsi ukundilowa m'mphuno.

Ndili choncho ndinaona galimoto yoyera kutsogolo kwanga, ili ndi chithunzi cha sukulu yathu pagalasi la kumbuyo. Inali ya madamu. Sindinadziwe chimene ankachita mbali ino m'mawa wotero, koma nzeru inabwera msanga. Pambali pawo panali lole ya makala. Ndikanangozembera kuseri kwa loleyo, kuwoloka mlatho wapansi, ndikanafika kusukulu iwo akadali pomwepo. Mlonda wa pageti ndi mnzanga, sakanandiulula. Ndinati zikomo Ambuye, kani munali ndi njira yanu. Ndinakoka mpango kuphimba nkhope n'kuyamba kuzemba.

Ndikudutsa, ndinaponya diso kamodzi kokha, ndipo ndinaona masamba aawisi atasomekedwa kutsogolo kwa galimotoyo, ayamba kufota. Kwathu kuno masamba otero amanena chinthu chimodzi basi, maliro. Ndinayang'ana mkati. Madamu, amene sindinawaonepo opanda suti, anali atavala chitenje ndi duku lakuda, ali okhaokha, mutu atautsamiritsa pachiwongolero.

Abale, ndinaima kuseri kwa lole ija. Mtima wina unkati pita, sanakuone, ganiza za kabotolo ka pawindo. Ukadzionetsa, wadzigwiritsa wekha kuti wachedwa, ndipo anakuuziratu. Koma ine ndinakulira kumudzi kumene ngakhale wa panjinga amatsika akaona masamba pamsewu, wa chipewa amavula. Mayi anga akanadzuka kumanda akanamva kuti ndadutsa namfedwa nditaphimba nkhope. Maliro n'kulirana. Sindinganame kuti ndinalimba mtima, ndinali ndi mantha oopsa, koma miyendo inanditengera yokha ku galimoto ija.

Ndinagogoda pagalasi, kenaka ndinagwada pa tala pomwepo, pakati pa magalimoto, monga timachitira pa siwa. A kabaza a njinga zamoto ankaliza mahutala, wina n'kundifunsa ngati ndatopa nawo moyo. Madamu anatsitsa galasi, maso ali psuu.

"Madamu, ndaona masamba. Kwagwanji?"

"Bambo anga, mayi Lufeyo. Tawaika dzulo ku Ntcheu."

"Pepani. Pepani ndithu, sindinamve."

Anandiyang'ana kanthawi ndili chigwadire, kenaka anatsegula chitseko cha mbali inayo n'kundiuza kuti ndidzuke a kabaza asanandigunde, ndilowe.

M'galimotomo munkamveka fungo la utsi wa pamaliro. Chipepeso ndinalibe, poti ndalama imene inatsala inali yobwerera. Ndinatulutsa kakontena kanga ka kachewere n'kuwapatsa ndi manja awiri, ndikuchita manyazi. Ndinkayesa akana, koma anatsegula n'kuyamba kudya, akunyika mumchere, misozi ikugwera pachitenje. Anati chichokereni Loweruka sanalawe kanthu. Bambo awo anamwalira Lachisanu lomwe lija madzulo, ndipo aphunzitsi anandiimbira foni koma sinkapezeka.

Galimoto sinasunthe. Madamu anayang'ana wotchi ya pamkono. Anayang'ana kutsogolo, kumbuyo, mzere wosaoneka pothera, n'kundifunsa ngati zimakhala chonchi tsiku lililonse. Ndinati lero kwangowonjeza pang'ono. Anafunsa nthawi imene ndimadzuka, ndi chifukwa chimene sindigona m'tawuni mkati mwa sabata. Ndinawauza zonse, za a Lufeyo, za mlamu wawo amene sangawasambitse, ngakhale za m'mawa umenewo. Kenaka ananena motsitsa, osandiyang'ana, kuti bambo awonso anadwala matenda omwewo, ndipo ankawasambitsa ndi munthu waganyu chifukwa iwo anali otanganidwa ndi sukulu.

Ine sindinayerekeze kufunsa za ntchito. Tinafika kusukulu dzuwa lili pamutu, ana atamwetsedwa tiyi ndi aphunzitsi. Ndinatsika pageti n'kuima, poti ndinauzidwa kuti ndisadzalowe. Madamu anangolowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Mlonda anandikodola kuti ndilowe, ndipo ndinaphika nkhomaliro ya ana ndisakudziwa ngati ndikuphika komaliza. Chitseko cha ofesi chikangolira, ndinkacheuka. Ndinathira mchere kawiri m'nyemba, mwamwayi ana sanadandaule.

Ana atagona masana, anandiitana. Ndinalowa nditagwira kale chikwama changa. Madamu anati kuyambira mawa phala la m'mawa aziphika ndi mayi wina wosesa amene amakhala pafupi, amene anali atavomera kale. Ine ndizifika magalimoto atachepa, kuphika nkhomaliro, kutsuka mapoto, n'kunyamuka mdipiti wa madzulo usanayambe. Malipiro sasintha. Ndinafuna kugwadanso koma anandigwira mkono.

"Lero mwagwada mokwanira. Pitani mukawaone bambo kunyumba."

Tsiku limenelo ndinafika kumudzi dzuwa likadalipo, koyamba chiyambireni ulendo umenewu. Agnesi anali atawatulutsa a Lufeyo pakhonde kuti aothe dzuwa. Atandiona ndikubwera nthawi yachilendo chotero, nkhope yawo inagwa. Lilime lawo ndi lolemera, koma anayesetsa mpaka mawu anatuluka.

"Yatha?"

Kani ankadziwa zonse. Masiku onse aja ndinkabisa, iwo ankandiwerenga pankhope n'kumavutika okha chamumtima, akudziona kuti ndiwo andichotsetsa ntchito. Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuwauza kuti ayi, siinathe, mawa ndikupitanso. Anandigwira ndi dzanja lawo lamoyo lija, kundifinya mpaka kuwawa, ndipo tinalira tonse awiri, Agnesi akutiseka uku nayenso akupukuta m'maso.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga ndinafunira. Ndikuthokoza Amayi Maria amene anandipirira ndikukangana nditagwira kolona. Msewu uja sunasinthe, anthu akadapanikizikabe m'mawa uliwonse, ndipo ambiri alibe madamu wowamvera. Inu amene mawa mudzakhale m'minibasi yosayenda, thukuta likutsika, mukuopa nkhope ya abwana, ndikukupemphererani ndi mtima wonse, chifukwa mantha amenewo ndikuwadziwa. Musataye mtima, ndipo mantha asakuiwalitseni umunthu umene anakuphunzitsani makolo. Ine ndinatsala pang'ono kuzemba chipulumutso changa kuseri kwa lole ya makala.