Ng'ombe ya Wezi M'khola Langa

Kale, ife tili anyamata a kabudula mmodzi kuno ku Edingeni, mwana sankachita kumupititsa kosewera, pakuti tchire lonse linali lake, ndipo tinkachoka m'mawa ndi ng'ombe n'kubwerako madzulo miyendo ili mbuu. Inu pitirizani kusankha fodyayo, ine ndikungofuna makutu. Kubusako tinkaumba nkhunzi zadothi, za linunda ndi nyanga, n'kumazimenyanitsa, ndipo amene yake yathyoka nyanga ndiye ankathamanga kukabweza ng'ombe zenizeni. Koma lero ana akukulira m'mipanda ya njerwa, dothi akuliona ngati matenda.

Chaka chatha mvula itatha ndinapita ku Boma kwa mwana wanga Vitumbiko. Mkazi wake ndi wa ku Dedza, amagulitsa zitenje pamsika, munthu waulemu ndi waukhondo wonyanya. Ali ndi mwana mmodzi, Wezi, wa zaka zinayi, ndipo mwanayu ankati akandiona, liwiro kukabisala kumbuyo kwa amake. Kaya ndi ndevuzi, kaya ndi Chitumbuka changa, sindikudziwa. Musaseke, ana inu, zinkandipweteka chomene. Ndinkaganiza kuti ndidzalowa m'manda mdzukulu wanga asanandigwireko dzanja.

Loweruka m'mawa Vitumbiko anati, “Adada, tiyeni timuyendetseko mwanayu. Kumtsinje uko munthu wina anakonza malo oti ana azisewera.”

Tinakwera kabaza, ndipo titafika ndinaseka chamumtima, chifukwa malo otamandikawo linali tchire lomwe lija la kale: mitengo ya misuku yosadulidwa, akatungwe a zingwe, zipika zodumpha, ndi kamtsinje koyenda pamiyala. Ana a anthu ena anali pikitipikiti, koma Wezi wanga anamuveka malaya oyera, nsapato ndi masokosi, ndipo anangoima chilili. Akati awerame, amake amvekere, “Wezi, usagwire zimenezo! Usakhale pansi!”

Mwambo wathu mukuudziwa. Ine sindikanatha kuuza mkazi wa mwana wanga kuti msiyeni mwanayo, ndipo iyenso sakanatha kundiletsa kanthu. Mbwenu ndinangotsetserekera kumtsinje, n'kukumba dothi lamakande ndi ndodo yangayi, n'kukhala pansi nditawafulatira onse. Sindinamuitane mwanayo ayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaumba thupi, ndinakweza linunda, ndinapinda nyanga, ndipo nditamaliza ndinalira ngati nkhunzi yanunkhiza inzake, nkhalamba yonseyi, pamaso pa anthu a m'tauni.

Posakhalitsa ndinamva timapazi kumbuyo kwanga.

“Chimenecho n'chiyani?”

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene mdzukulu wanga anandiyankhula chibadwire. Koma sindinatembenuke. Ndinati, “Nkhunzi yanga iyi. Nanga yako ili kuti?”

Mwana uja anagwada m'matope momwemo, masokosi ndi malaya oyera aja n'kuthera pompo, ndipo ndinagwira timanja take kumuonetsa mmene amatsinira linunda. Tili mkati moumba, ndinaona amake akubwera. Ndinati basi zanga zada, amunyamula, ndipo sadzamulolanso kuyandikira nkhalamba yodetsa ana. Anaima chapatali, anagwada monga mwa ulemu wake, anayang'ana malaya aja nthawi yaitali, kenaka n'kutembenukira kwa mwamuna wake.

“Bambo a Wezi, tawafunsani abambo ngati dothilo latsalako.”

Ndinapereka kwa Vitumbiko, iye n'kupatsira mkazi wake, ndipo mayi uja anakwinya manja a bulauzi n'kuumba kamphika kosalala bwino, akuti ndi momwe ankachitira kumasanje kwawo. Tonse tinaseka. Kani nayenso anakulira m'dothi, kungoti tauni inamuiwalitsa.

Ng'ombe ya Wezi inatuluka ya miyendo itatu, nyanga ina kuloza kumwamba ina pansi, koma kwa iye inaposa yanga. Anafuna kuiyanika padzuwa, ndiye ndinamuuza kuti ng'ombe yadothi imaumira pamthunzi, apo ayi imang'aluka. Nthawi yobwerera itakwana anafunsa kuti ng'ombe zimagona kuti.

“M'khola,” ndinatero.

“Ife tilibe khola.”

Bambo wake anati, “N'chifukwa chake zanga zija zimakhala kwa agogo akowa.”

Mwana uja anaganiza, anaganiza, kenaka anaika kang'ombe kake m'manja mwanga muno. “Agogo, mukaisunge m'khola mwanu. Ndizibwera kudzaiona.” Ndinangoti yewo, misozi ikutsikira m'ndevu. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno munthu akasiya ng'ombe m'khola mwako, njira ya kwanu saiiwala. Ndipo wabweradi katatu, ndipo akatsika minibasi pa siteji amathamanga kuwasiya makolo ake m'mbuyo.

Choncho ana inu, ambiri mwa inu mudzapita m'matauni, ndipo n'zabwino, pitani. Koma mukadzabereka anu, muzidzawalola kugwira dothi, pakuti malaya amachapika. Ndipo nkhalamba ikakhala pansi yokhayokha, musamukoke mwana amene akuiyandikira. Iwe wakhala pakona pa chigafapo, bweza phazi lako msanga! Kakhola ka timitengoko si zinyalala, ndimo mumagona ng'ombe ya Wezi. Mwini ng'ombeyo akubwera Loweruka, ndipo akafika amayamba waiwerenga miyendo.