Kalata ya ku Nyika ndinaipichira fodya

Aulutsi, ndine nkhalamba ya ku Nchenachena, sukulu ndinalekezera sitandade 4. Musaseke, koma kale ndinkakhulupirira kuti mkazi akakwera hatchi sabereka.

Mwana wanga wamkazi ankakonda ziweto chomene. Atamaliza Fomu 4 anafunsafunsa komwe amaphunzitsa za chipatala cha ziweto, mpaka anamva kuti ku Nyika, komwe ankasunga mahatchi okwera alendo, akufuna munthu woti amuphunzitse kuwasamala, kenako amutumize kukosi ya za ziweto. Analemba kalata yopempha malo.

Makalata a m'mudzi mwathu ankafikira kutchalitchi, ndipo wokatenga ndinali ine. Yankho litabwera ndinalitsegulira panjira. Anali atamutenga! Ine mtima unathamangira ku ng'ombe za malowolo: angazipereke ndani polowola mkazi wosabereka? Kalatayo ndinaipichira fodya, inandikwanira sabata yathunthu.

Lamulungu lililonse mwanayo ankandichingamira. "Adada, yanga palibe?"

"Mahatchi sadziwa kulemba, mama," ndinkatero uku ndikuseka.

Anadikira mpaka anatopa, n'kukwatiwa kunyanja. Lero amayanika usipa m'mbali mwa msewu.

Chaka chatha ng'ombe yanga itadwala matenda a nkhupakupa, anabwera kudzaibaya jakisoni mayi wina wapanjinga yamoto. Pocheza anati ntchitoyi anaiyambira ku Nyika, pamalo a mtsikana wina amene anaitanidwa koma sanapite. Ndinamufunsa ngati ali ndi ana.

"Anayi, agogo."

Madzulo ake ndinaulula zonse kwa mayi akunyumba. Iwo anati, "Ine musandisenzetse zimenezi. Mawa mulawirire kunyanja, mukamuuze mwiniwake mukumuyang'ana m'maso."