Lamba wa a Balagopalan

A Balagopalan anabwera kuchokera ku Dubai ndi suti yoti akuchimuna akaiona adziwe kuti akukwatira kwa anthu. M'mawa wa ukwati wa mwana wawo Sreeja, ng'oma zikulira kale m'kachisi wakale wachihindu wa m'mbali mwa mtsinje wa Pamba, anakumana pachipata ndi a Kunjappan, mlonda amene chibadwire sanamvepo nthabwala.

"Nsapato, bwana."

"Ndikudziwa." Anavula.

"Jekete ndi malaya."

"Aa! Malayawa mukuwadziwa kumene achokera?"

"Sindinafunse kwawo. Mwamuna amalowa chifuwa chili pamtunda."

Anavula, uku akung'ung'udza.

"Lamba."

"Lamba ndiye ayi."

"Ngwachikopa. Ng'ombe yakufa siilowa muno."

"Si ng'ombe iyi, bambo inu, ndi ng'ona!"

A Kunjappan anawerama n'kumuyang'anitsitsa lambayo. "Ng'onayo ili moyo?"

"Tamverani ng'omazo! Nthawi imene wansembe anasankha ikutha. Ikangodutsa ukwati palibe, ndipo akuchimuna aja anayamba kale kugwedezeka!"

"Ndiye fulumirani."

A Balagopalan anacheukacheuka n'kutsitsa mawu. "Achimwene, tikambirane ngati akuluakulu. Thalauzali ndinagula ndisanadwale shuga, mimba ikadalipo. Ndikangochotsa lamba, lili pansi."

"Ligwireni ndi manja."

"Nanga dzanja la mwana wanga ndilipereka bwanji kwa mkamwini? Ndi mano?"

Mlonda uja anaganiza kaye mofatsa. "Za mano lamulo silikaniza."

"Mayo ine! Sindivula! Ndiima pompano mpaka mtsinjewo uphwe!"

"Chabwino, koma imani chauko. Mukutseka njira."

Ng'oma zinayamba kufulumira, ndipo mkati munamveka mawu a mayi ake a mwana akufunsa kumene amuna awo alowera. Apa mantha anawagwira zenizeni a Balagopalan, matama onse n'kuthera pomwepo. Anasolola lamba uja n'kumuponya pamulu wa nsapato, thalauza kuligwira manja awiri, n'kuyamba kunyang'ama ngati bakha.

Phazi litangoponda pakhomo, mkono wa a Kunjappan unawatsekera.

"Chinanso n'chiyani tsopano?"

"Thalauza, bwana. Amuna amalowa atamanga nsalu."

"Thalauza? Ndiye nthawi yonseyi timalimbirana lamba wa chiyani? Bwanji osanena poyamba pomwe?"

A Kunjappan anawayang'ana modabwa kwambiri.

"Aa, bwana, nanga mukanalivula bwanji lamba ali pomwepo?"