Nkhwazi ya pakhoma la aDaka

M'zaka za Chitaganya, aDaka, mphunzitsi wa kasukulu ka mishoni pafupi ndi Nyimba, anajambula pakhoma la kalasi nkhwazi ija ya pachizindikilo cha boma, nsomba ili m'zala zake, nayamba kuphunzitsa ana kuti Mkhristu azikhala ngati mbalameyo. Loweluka lina akusesa pabwalo, poti abusa a ku Petauke anali kudzayendela sukulu m'mawa mwake, anatulukila amai Keziah Njobvu, make Febby, mwana wa m'kalasi mwawo.

"Aphunzitsi, ndabwelela nkhani ya mbalame yanu."

"Si yanga, amai. Ndi ya boma. Ndipo mbale wake chiombankhanga alimo m'Baibulo."

"Ehe. Febby akuti munawauza kuti akhale ngati iyo."

"Ndinatelo. Nkhwazi imalawila m'mamawa, imakhala pamwamba kutali ndi matope, ndipo siisiya mkazi wake."

"Febby alibe mkazi."

"Ndi fanizo, amai."

"Koma pamwamba ndiye akukhaladi. Akaweluka kusukulu amakwela mumtengo wa mango, nkumalila ngati mbalame mpaka dzuwa kupendeka."

ADaka anamwetulila. Chiyambile ntchito, phunzilo lawo linali lisanamulowepo mwana chonchi.

Amai Njobvu anasuzumila pazenela, naloza pakhoma. "Nanga nsomba yanyamulayo inagula kuti?"

"Siigula."

"Aa, zoona, mwati ndi ya boma."

"Sindikunena zimenezo," anatelo aDaka, akucheukila kumsewu. "Ndikuti Mulungu ndiye amaipatsa."

"Ndiye kuti imaba."

"Siiba." Anagogoda pansi ndi tsache. "Chimene yachiona ili pamwamba, chimenecho yapatsidwa."

"Ngakhale mwini wake alipo?"

"Nsomba ilibe mwini. Ndiponso mumvetse: nsombayo ndi munthu wochimwa, nkhwazi ikumupulumutsa m'madzi a uchimo."

"Oo. Ikamupulumutsa imapita naye kuti?"

"Pamwamba."

"Kukatani?"

ADaka anatsokomola. "Phunzilo limathela pamenepo."

"Chabwino. Tsono mwana akaona nsomba ali mumtengo, natsika, natenga, ndimukwapule?"

Apa aDaka anaona kumene nkhani ikupita, koma kubwelela m'mbuyo pamaso pa kholo sanakuzolowele. Ndiponso abusa akamva kuti mwana wakwapulidwa chifukwa cha phunzilo lawo, adzafafanizitsa mbalame ya pakhoma, mwina ndi mphunzitsi yemwe.

"Musamukhudze," anatelo. "Mwana ameneyo ali ndi chikhulupililo. Mawa ndidzamuimika patsogolo pa abusa."

"Simudzasintha mau?"

"Ine sindisintha mau."

"Yaa, mtima wanga wakhala pansi." Amai Njobvu anamanganso chitenje chawo. "Atate ake amati tikabweze nsomba anatengazo, koma nkuti titadya kale."

"Zinali za yani?"

"Mwati nsomba ilibe mwini."

"Inde, inde. Koma anaziona kuti?"

"Mtengo wake ndi uja wa kuseli kwa nyumba yanu. Akuti zinali padenga la khichini, zouma bwino, zazikulu ngati chikhatho cha atate ake."

Tsache linagwa. Nsomba zimenezo aDaka anachita kuzipalasila njinga mpaka kwa Nyalugwe, kumtsinje wa Luangwa, kuti zikhale ndiwo za abusa.

"Zonse?" anafunsa aDaka.

"Zonse, aphunzitsi. Palibe wochimwa ndi mmodzi yemwe amene anatsala wosapulumutsidwa."